Phazi la Atate ndi Timabotolo ta Mafuta

Atate anga ndi munthu waukhondo kuposa anthu onse amene ndinakulira nawo. Ngakhale atatopa bwanji kumunda, sakhala pansi asanasambe, ndipo malaya awo opita nawo kutchalitchi amasita okha. Mudzi wathu uli cha kummwera kwa Sinda, kumene amalima chimanga, nsawa ndi mpendadzuwa. Amayi atamwalira, atate anakana kukwatiranso, anakananso kubwera kudzakhala nane ku Katete, kumene ndimasoka zovala pakhonde la masitolo. Anati ng'ombe zawo sizingakhale m'tauni, ndipo iwo sangakhale kopanda ng'ombe zawo.

Mafuta onunkhira analowa m'nyumba mwathu chifukwa cha chimfine. Inali nyengo yozizira, atate atabwera ku Katete kudzagulitsa mpendadzuwa. Anafika pamakina anga mphuno zitatsekeka, akupumira kukamwa, maso ali psuu. Sitolo imene ndimasokera pakhonde pake ndi ya mayi wina wachisilamu, wobadwira ku Malawi koma anakwatiwa kuno kalekale. Amagulitsa sopo, lubani, mafuta odzola ndi timabotolo tating'ono takuda, ta mafuta ofinyidwa kuchokera ku masamba ndi maluwa. Mayiyo atamva atate akutsokomola, anatuluka ndi beseni la madzi otentha, anadonthezeramo mafuta a bulugama, n'kuwapempha kuti aweramire pabesenipo. Ine ndinawafunditsa chitenje chimene ndinali kupinda.

Atavundukula, misozi ili mbwee, anapuma mpweya wautali ndi mphuno zonse ziwiri ndipo anaseka. Anati amayi awo ankawachita zomwezo ali mwana, ndi masamba a bulugama ndi chanzi owiritsa mumphika, koma sanaganizepo kuti mtengo wonse uja ungalowe m'kabotolo kochepa ngati chala. Anagula kamodzi. Mayi wa sitolo anawalangiza bwinobwino, ine ndikumva. Anati mafutawo si akumwa, asayandikire m'maso, ana asawafikire, ndipo pakhungu sadzola okhaokha koma kusakaniza kadontho ndi mafuta ophikira, chifukwa amawotcha.

Kuyambira pamenepo atate akabwera ku Katete ankayamba alowa m'sitolomo asanafike kwa ine. Anagula a timbewu tonunkhira totchedwa minti, amene ankasakaniza ndi mafuta a mpendadzuwa wawo womwe n'kupaka m'mbali mwa mutu ukamawawa. Anagula a udzu wonunkhira ngati mandimu, othamangitsira udzudzu. Koma amene anawakonda kwambiri anali a maluwa akunja otchedwa lavenda. Chimwalirire amayi, tulo tinkawavuta, ndipo mayi wa sitolo anawauza kuti azidonthezera pang'ono pansalu n'kuika pafupi ndi pilo. Kaya anali mafutawo, kaya mtima unali utayamba kale kukhazikika, sindidziwa, koma anayamba kugona. Nkhope yawo inabwerera. Anthu a m'mudzi nawo anayamba kubwera kwa iwo, wina ndi chimfine, wina ndi mutu, wina msana utauma chifukwa cha khasu, ndipo atate ankawathandiza mosangalala, osalandira kanthu. Inenso ndinkapaka a minti m'chiuno ndikapalasa makina tsiku lonse. Zinkathandiza ndithu, ndipo palibe amene ankaona vuto.

Chaka chotsatira, titakolola, atate anachepetsa kubwera. Pafoni ankati ali bwino, kungoti ntchito yachuluka kukhola. Pamene anabwera kutentha kutayamba, anali atavala majombo, aja a mphira opita nawo kudimba. Ndinawaseka kuti mvula ikadali kutali, iwo anangomwetulira n'kunena kuti nsapato zawo zang'ambika. Anali atatsikako thupi, ndipo anamwa madzi onse a m'chigubu changa n'kupempha ena. Tonse tinali kudandaula za dzuwa masiku amenewo, choncho ludzu lawo silinandidabwitse.

Patapita masabata angapo, ndikungofika pantchito m'mawa, mayi wa sitolo anandiitanira m'kati n'kukankha chitseko. Anandiuza kuti atate anabwera dzulo lake, ine nditapita kukapereka mayunifomu kusukulu ina. Ankafuna mafuta ena a mtengo wakunja, amene anthu amapaka pa ziphuphu, pa chipere ndi pa timabala tating'ono. Aka sikanali koyamba. Anali atatumako kale munthu wa njinga kudzagula mafuta omwewo kangapo, ndipo ulendo uno ankafuna timabotolo tonse totsala pashelefu. Atawafunsa kuti chilonda chake n'chotani chofuna mafuta ochuluka chotere, anati n'kachilonda chabe. Atawapempha kuti akaone, anakana, ndipo iye anakana kuwagulitsa. Anachoka atakhumudwa, osandidikira.

“Atelala, pitani kumudzi lero lomwe,” anatero mayiyo. “Ine mafuta amenewa ndimakhala nawo tsiku lililonse, fungo lake ndimalidziwa. Pa atate anu panali fungo lina pansi pake.”

Sindinavundukule n'komwe makina. Ndinakwera minibasi mpaka pa Sinda, kenako njinga yamoto yolowera kumudzi. M'njira monse ndinkadziuza kuti mayiyo wakokomeza, chifukwa munthu ngati atate sangasunge chinthu chonunkha pathupi pake.

Ndinafika dzuwa lili pamutu. Fungo linandilandira ndisanalowe m'bwalo, fungo la mafuta onse aja pamodzi, lamphamvu moti linandiyabwa kukhosi. Atate anali pansi pa mtengo wa mango akusenda nsawa, majombo ali kumapazi. Anadabwa kundiona, koma anandilonjera monga mwa masiku onse, n'kundifunsa za ana ndi za ntchito. Ndinagwada chapatali n'kumayankha. Ndili chigwadire choncho ndinaona ntchentche. Sizinali pa nsawa, sizinali pa ine, zonse zinali kuzungulira jombo ya kumanzere, zina zikulowa m'kati kudzera pakamwa pake.

Ndinawafunsa za mwendo. Anati anaponda msomali kukhola, kalekale, ndipo chilonda chikupola. Ndinawapempha kuti avule ndione. Anakana, n'kundiuza kuti ndikaphike tiyi poti ndachokera kutali. Ndinapemphanso, ndipo mawu awo anasintha. Anati ine ndine mwana wawo wamkazi, sizoyenera kuti ndiziwayang'ana m'thupi, ndipo ngati ndabwera kudzawachititsa manyazi ndibwerere.

Ndinaimirira ngati ndikupita kukhitchini, koma ndinalowa m'nyumba yaikulu n'kukankha chitseko cha chipinda chawo. Chikulire changa ndinali ndisanalowemo. Bedi linali loyala bwino monga ndinkayembekezera. Pawindo panali mzere wa timabotolo topanda kanthu, toikidwa mwadongosolo. Pakona panali ndowa yovundikira ndi mbale. Nditavundukula ndinapeza nsanza zong'ambidwa ku malaya akale, zothimbirira ndi mafinya ndi magazi, ndipo fungo limene linatuluka m'menemo silinali la mafuta ayi. Ndinalidziwa. Ndi fungo limene limamveka kuthengo mbuzi ikafera kosaoneka.

Ndinatuluka, ndinapita molunjika pamene anakhala, ndinagwada n'kugwira jomboyo ndi manja awiri. Ndinkayembekeza kuti andikalipira kapena kundikankha. Sanatero. Anaika lichero pansi n'kuyang'ana kumbali.

Jombo inavuta kutuluka chifukwa phazi linali litatupa. Itatuluka, ndinayamba kumasula nsanza. Zapamwamba zinali zonyowa ndi mafuta, zam'kati zinali zitamatirira. Nditachotsa yomaliza ndinakhala kanthawi ndisakumvetsa chimene ndikuona. Zala ziwiri zakumapeto zinali zakuda ngati makala, zouma, zokwinyika. Chachitatu chinali chitayamba kuda. Kunsi kwa phazi kunali dzenje loti chala changa chachikulu chikanalowamo chonse, ndipo khungu lozungulira linali loyera, losendeka, ngati lapsa ndi madzi otentha. M'kati mwa dzenjelo munali kuyenda tinthu toyera. Ndinathamangira kuseri kwa nkhokwe n'kusanza.

Nditabwerera ndinawapeza atakhala momwemo, phazi lili pamwamba pa jombo. Iwo ndiwo anayamba kulankhula, ndi mawu odekha ngati akundiuza za mitengo ya feteleza.

“Usalire, mama. Sichiwawa. Chikanakhala choipa bwenzi chikuwawa.”

Ndipo kuti ndikhulupirire, anatenga kamtengo pansi n'kudzibaya nako paphazipo, pafupi ndi zala zakudazo, mwamphamvu. Nkhope yawo sinasinthe ngakhale pang'ono. Pa zonse zimene ndinaona tsiku limenelo, ichi ndicho chinandizizira thupi kwambiri. Munthu wamoyo, akulankhula nane bwinobwino, akubaya phazi lake lomwe ngati akubaya chigulumwa cha nthaka.

Pang'onopang'ono anandifotokozera. Tsiku limene anaponda msomali sanamve kanthu. Anayenda nawo mpaka madzulo, ndipo anadziwa povula nsapato ataona magazi. Anatsuka ndi madzi amchere n'kupaka mafuta a pa zilonda aja atawasakaniza ndi a mpendadzuwa, monga anauzidwira. Chilonda chitakana kutseka, anaganiza kuti mafuta a mpendadzuwa akuchepetsa mphamvu ya mankhwala, choncho anayamba kuthira okhaokha, m'mawa ndi madzulo. Sanamve kuwotcha kulikonse, ndiye anaona ngati thupi lawo lawalandira. Fungo litayamba, anawonjezera a bulugama ndi a lavenda pansanza ndi m'jombo kuti anthu asamve. Kutchalitchi anasiya kupita, akumati akudwala mutu. Kunsi kwa phazi sankatha kuonako bwino chifukwa msana sunkalola, ankangopapasa ndi dzanja.

Nditawafunsa chifukwa chimene sanapitire kuchipatala, anati amayi anga analowa m'chipatala akuyenda okha, atanyamula chikwama chawo, ndipo anatulukamo m'bokosi. Anatinso mafuta aja anali asanawanamizepo. Anawatsegula mphuno, anawachotsa mutu, anawabwezera tulo, ndiye akanalephera bwanji kachilonda ka msomali.

Sindinakangane nawo. Ndinapita kwa aneba athu, bambo amene amaweta ng'ombe limodzi ndi atate, n'kuwapempha ngolo. Bamboyo ataona phazilo anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa ngati wafika pamaliro. Anati masiku onsewa amakhala nawo pansi pa mango omwewo, ndipo ankangoti mdala wakonda zonunkhira. Tinawakweza pangolo mpaka kumsewu waukulu, kumene tinapeza galimoto yotifikitsa kuchipatala chachikulu.

Anesi amene anatilandira sanaonetse kudabwa, ndipo zimenezo zinandiopsa mwa njira ina, chifukwa zinasonyeza kuti mapazi otere amawaona kawirikawiri. Anabaya atate pachala cha kudzanja n'kuika kadontho ka magazi pa kamakina. Ataona zotsatira anafunsa ngati atate amamwa madzi kwambiri, ngati amadzuka pafupipafupi kukataya madzi, ngati aonda. Atate anavomera zonse. Anali matenda a shuga, ndipo adokotala atabwera anati ayenera kuti akhala nawo zaka osadziwa. Anatifotokozera kuti shuga akachuluka nthawi yaitali amapha mitsempha ya kumapazi, munthu n'kusiya kumva kuwawa, ndipo magazi safikako bwino, choncho chilonda sichipola. Za mafuta anati sindiwo anabweretsa matenda, koma othira okhaokhawo anawotcha mnofu umene unkayesa kumera, ndipo fungo lake linabisa chimene chikanachititsa anthu kuwabweretsa msanga. Anati zala zakudazo zafa kale ndipo ziyenera kudulidwa, ndipo za phazi lonse adziwa akatsegula.

Atate anakana. Anayamba kulankhula Chinsenga, chilankhulo cha amayi awo, chimene ndinkangowamva akuchilankhula pamaliro basi. Anati anabadwa ndi zala zonse ndipo adzapita nazo zonse. Anati awapatse jakisoni ndi mapiritsi abwerere kwawo. Ine ndinachonderera, adokotala anafotokozanso kachiwiri, koma sizinathandize. Pamenepo anesi aja anatulutsa foni yawo m'thumba, anawerama, anajambula kunsi kwa phazi n'kuwapatsa atate m'manja.

Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Anachiyandikitsa kumaso, anachitalikitsa, kenako anayang'ana phazi lawo lili pabedi, n'kubwereranso pafoni. Anafunsa ngati limeneli ndi phazi lawo ndithu, osati la munthu wina. Anesi anati ndi lawo. Atate anabweza foni mwaulemu, ndi manja awiri, n'kunena motsitsa mawu kuti, “Chitani zimene mukudziwa.”

Anawatengera kochitira opaleshoni m'mawa wa tsiku lotsatira. Ine ndinakhala pabenchi panja pamodzi ndi amayi ena odikirira odwala awo. Mmodzi wa iwo, wochokera cha ku Vubwi, anandiuza kuti mwamuna wake anadulidwa mwendo pansi pa bondo chifukwa cha matenda omwewo, ndipo mwamunayo ankathira phulusa ndi madzi a batire pachilonda chake. Ankandiuza zimenezi kuti andilimbitse mtima. Adokotala atatuluka anati adula zala zitatu ndi kachigawo ka phazi, koma chidendene ndi chala chachikulu zapulumuka. Anati tikanachedwa pang'ono bwenzi tikukamba za mwendo, mwinanso za moyo.

Atate anakhala m'chipatala nthawi yaitali, chifukwa chilonda cha munthu wa shuga chimapola mochedwa. Mayi wa sitolo anabwera kudzawaona atanyamula phala la mawere lopanda shuga. Anakhala pampando osatha kuwayang'ana kumaso, n'kumanena kuti akanadziwa sakanagulitsa ngakhale kabotolo koyamba. Atate anamuletsa. Anati iye anawauza zonse zoyenera, ndipo amene anasiya malangizo ndi iwo. Mayiyo sanasiye kugulitsa mafuta, koma mpaka lero munthu akafuna aja a pa zilonda amayamba wamuuza kuti aonetse malowo, ndipo ena amachoka atakwiya.

Mvula ya chaka chimenecho atate anaionera pakhonde la nyumba yanga ku Katete. Munda wawo unalimidwa ndi aneba aja. Anaphunzira kumwa mankhwala a shuga tsiku lililonse, kumwa tiyi wosatsekemera ndi kuyenda ndi ndodo. Ine ndinkafuna kutaya timabotolo tonse m'chimbudzi, chifukwa kwa miyezi yambiri ndikangomva fungo la bulugama, ngakhale la sopo chabe, mseru unkandigwira n'kuona phazi lija m'maso. Atate anapempha kuti ndiwasiyire a lavenda okha, ndipo anesi atati onunkhiza alibe vuto bola asafike pachilonda, ndinawasiyira. Pano anabwerera kumudzi. Amayenda motsimphina, nsapato ya kumanzere amaikamo thonje kutsogolo, ndipo madzulo aliwonse aneba aja amabwera kudzawayang'ana kunsi kwa mapazi onse awiri.

Pali chinthu china chimene chinachitika tsiku lotuluka m'chipatala, chimene sindinachiyembekeze. Nditamanga kale katundu, atate anandituma kuti ndikaitane anesi aja a foni. Ndinkaganiza kuti akufuna kuthokoza, ndipo anathokozadi, mwaulemu wonse. Atatha anafunsa ngati angapatsidwe zala zawo zija. Anati akufuna kukazikwirira kumudzi, pamalo amene iwo akudziwa, kuti zisakhale kwa eni. Anesi anawauza mofatsa kuti zonse zochotsedwa m'thupi zimawotchedwa tsiku lomwelo, kuseri kwa chipatala, ndipo palibe chimene chimatsala.

Atate anagwedeza mutu n'kunena kuti amva. Tinatuluka pang'onopang'ono, iwo pa ndodo ziwiri, ine kumbuyo ndi zikwama. Titafika pabwalo anaima n'kundifunsa kuti kuseri kwake ndi kuti. Ndinafunsa mlonda wa pageti, ndipo anatilozera kanyumba ka njerwa kokhala ndi chumuni chachitali, kutsidya kwa mpanda wa waya. Ndinaika zikwama pansi. Atate anatembenukira komweko n'kuima chiimire, atatsamira ndodo zawo, mpaka woyendetsa galimoto imene tinaitana anayamba kuliza hutala.